Mapazi a Dona pa Utuchi

Dona anasiya kudya Lolemba. Anali mphaka wokalamba, wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo nyamakazi inali itamugwira m'chiuno ndi m'miyendo yakumbuyo. Dokotala wa ziweto anapereka mankhwala amadontho othira m'chakudya, nachenjeza kuti mphaka asamwetsedwe mapiritsi a anthu ngakhale kachidutswa. Kenako ananena mawu amene mwini mphakayo sanawakonde: ngati pofika Lachisanu sakudyabe, kuli bwino kumugoneka tulo tosadzukanso ndi jakisoni kusiyana n'kumusunga akuzunzika.

Mwini mphakayo anali kalipentala wopuma pantchito. Chimwalirireni mkazi wake ankakhala awiriwiri ndi Dona. Mwana wake wamkazi ankadzera m'mawa uliwonse popita kuntchito, kusesa, kukolopa ndi kupaka polishi mpaka simenti kuchita kung'anima.

"Bambo, Lachisanu ndibwera ndi basiketi yomunyamulira," anatero mwanayo. "Musandiyang'ane choncho. Nanenso ndakula naye."

"Ndamva."

"Mwamva kapena mwavomera?"

"Ndamva."

Chinthu chimodzi chinkamuzunguza mutu kalipentala. Dona akamva mbale kugogoda, ankadzuka n'kutsimphina mpaka kukhitchini. Ankafika, kuyamba kuweramira mbale, kenako kutembenuka n'kubwerera akunyambita milomo. Wopanda njala angayende mtunda wonsewo ndi miyendo yowawa? Kalipentala anasintha nyama, anasintha mbale, anatenthetsa chakudya kuti chinunkhire. Ayi ndithu.

Lachitatu masana akudya kukashedi kake kuseri kwa nyumba, kachidutswa ka nkhuku kanagwera pathabwa. Dona, yemwe ankaothera dzuwa pakhomo, anakatola n'kumeza. Kalipentala anasiya kutafuna. Kuno wadya, kukhitchini akukana. Nyama yake yomweyo.

Pantchito yake, chitseko chikamakana kutseka sankachimenya ndi hamala. Ankapaka choko m'mbali, kutseka, kutsekula, n'kuona pamene pakukhula. Anadzaza utuchi m'chidebe, nakauwaza mopyapyala kukhitchini konse, kuyambira pakhomo mpaka pambale. Kenako anagogoda mbale n'kuima pambali.

Dona anabwera, anawerama, anabwerera. Koma ulendo uno anasiya kalata. Kuchokera pakhomo timapazi tinali tozungulira, tofupikirana. Pafupi ndi mbale panali mizere iwiri italiitali, wina wopita kumanzere, wina kumanja.

Kalipentala anagwada, mawondo ake akulira ngati mpando wakale, nagona chafufumimba, tsaya pasimenti. Anagogodanso mbale. Apa ndiye anaona ndi maso: Dona akangotsitsa mutu, miyendo yakumbuyo inkaterereka n'kutang'adza, chiuno n'kunjenjemera. Kuti adye, ankayenera kupirira ululu umenewo.

Kudzuka pansipo kunamutengera nthawi, mpaka anachita kugwirira mwendo wa tebulo. Anazunguliza mizere ija ndi choko, nayala chiguduli pakona ina, n'kuchipanikiza ndi njerwa kuti chisasunthe. Mbale anaiika pathabwa limodzi: Dona ankaweramabe kwambiri. Pamatabwa atatu: m'mphepete mwa mbale munkamugunda pakhosi. Matabwa awiri ndi kachidutswa kopyapyala pamwamba, Dona anaima nji, nadya katatu konse. Lachinayi kalipentala anatumiza uthenga kwa mwana wake kuti asabwere kudzasesa. Sanafotokoze chifukwa.

Lachisanu m'mawa mwanayo analowa ndi basiketi, n'kuiponya pansi.

"Mayo ine! Bambo, mwagwa?"

"Ndagona."

"Nanga utuchi wonsewu? Khitchini mwaisandutsa khola la nkhuku?"

"Gwada apa."

"Ndi zovala zakuntchito? Ukalamba wayamba kukupitani kumutu, eti?"

Anagwadabe. Bambo ake analoza timapazi, kenako mizere ya m'kati mwa choko. Mwanayo anaiyang'ana nthawi yaitali, napaka chala pasimenti pomwe panalibe utuchi. Chala chinatsetsereka.

"Ndiye kuti ndi polishi wanga?"

"Sindinatero."

"Mwatero ndi choko." Mawu ake anatsika. "Ine ndimati ndikukusamalirani nyumba."

"Umasamala. Tagogoda mbaleyo."

Mwanayo anathira madontho m'chakudya n'kugogoda. Dona anatulukira pakhomo mosafulumira, anawayang'ana onse awiri ngati alendo osaitanidwa, nakwera pachiguduli. Anadya. Anapumira, kunyambita dzanja, n'kudyanso. Atachoka, m'mbale munatsala theka.

"Theka lokha," anatero mwanayo.

"Lolemba sanadye n'komwe."

Mwanayo anatuluka panja kukaimbira foni dokotala. Kalipentala anatsala chigonere. Maso ake anagwera pabokosi la mchenga lomwe Dona ankadzithandiziramo, pafupi ndi khomo lakuseri. Kuchokera pansipa, m'mphepete mwake munkaoneka ngati mpanda. Kodi mphakayu wakhala akuukwera bwanji?

"Akuti tipitirize madontho, akamuonenso pakatha milungu iwiri," anatero mwanayo pobwerera. "Sanalonjeze kanthu, Bambo. Nyamakazi siichoka. Akuti tsiku lina tidzayenerabe kuvomera."

"Tsiku lina."

"Ndikudzutseni?"

"Ayi. Ndipatse tepi yoyezera. Ndi sowo yaing'ono."