Nyumba Yotuluka Thukuta

Thumba lina la makala linatha, koma nyumba inali chizizirirebe. Twilumba anakhala pafupi ndi mbaula, mwana wake Faraja ali pamiyendo, akutsokomola ngati kambuzi. Mtima unkamuwawa, ndipo mkwiyo wonse unali pa mwamuna wake.

Mwamunayo, Ezekia Mahenge, anali wocheka matabwa a paini wodziwika m'Makete monse. Matabwa ogulitsa ankawayanika mpaka aume gwa, koma a siling'i ya nyumba yake anawakhoma aawisi, utomoni uli chuchuchu. Pulasitala anamata mvula yomaliza ikugwa, penti pamwamba, n'kulowamo chisanu chitangoyamba. Ankafuna anthu aone kuti wachoka m'nyumba ya dothi. Za kuti kuthamanga sikufika, ameneyo sankamva.

Tsopano moto ukayaka, zipupa zinkatuluka thukuta. M'mawa madzi ankayenderera pagalasi, mabulangete ali onyowa, ndipo kuseri kwa kabati kunachita chuku chakuda.

"Baba Faraja, makala athanso," anatero Twilumba kwa mwamuna wake.

"Kodi mukumadya makalawa, Mama Faraja? Nyumba ya simenti imafuna moto wambiri. Muzitseka mawindo."

"Tatseka mpaka ndi nsanza zomwe. Moto wonse ukuthera kuumitsa zipupa zanuzi, ife tikungokhalira kunjenjemera. Tagwirani apa muone."

Ezekia sanagwire. Anati akazi sadziwa zomangamanga, n'kutenga chipewa, ulendo kokacheka matabwa.

Pobwera madzulo anapeza m'nyumba muli zii. Utsi unkatuluka m'khitchini yakale ya dothi, ija anaisandutsa mosungira matabwa odikira lole yopita kumzinda wa Dar. Analowa atakonzeka kukalipa. Munali mofunda bwino, chonsecho pamoto panali tinkhuni tochepa chabe. Twilumba anali atayala mphasa pamwamba pa mulu wa matabwa, ndipo Faraja anali m'tulo, akupuma mosavutika.

"Mukufuna kundichititsa manyazi eti? Anthu ati chiyani? Komanso utsiwu udetsa katundu wa eni ake."

"Katundu wa eni ake mumamugoneka pouma," anayankha Twilumba osamuyang'ana. "Ine ndangobweretsa wanu kuti agone nawo."

Ezekia anayang'ana matabwa aja, anayang'ana mwana. Kenako anabwerera kunyumba yatsopano ija n'kuyamba kusolola nsanza m'mawindo kuti mphepo ilowe, nyumba iume.