Nthenda ya Lila wa Pazenera

Hipólito anali ataima pansi pa chitsamba cha maluwa onunkhira chotchedwa lila, atagwira nthambi yomwe nsonga yake inali itada bii ngati yopsa ndi moto. Mvula ya Okutobala inkawaza, mapiri a ku Trevelin atabisala m'nkhungu.

"Mukucheza nawo mtengowo, aneba?" anafuula Rosenda, mayi wa nyumba yoyandikana, atatsamira mpanda. "Ukakuyankhani mundiitane."

"Ndi chisanu chija chawaula masambawa," anatero Hipólito. "Dzuwa likawala achira."

Rosenda analowa pachipata nathyola tsamba. Linali ndi madontho akuda, m'mbali mwake mwachikasu. Anakanda khungwa ndi chikhadabo, mkati munali modera.

"Chisanu chake chiti? Iyi ndi nthenda yobwera ndi chinyezi, yomwe inapha wanga chaka chatha. Kukangoyera, dulani nthambi zonse zodwala mpaka mufike pabwino. Sizasi muzipukuta ndi sipiriti, zodulazo mutenthe, kenako mupopere mankhwala a kopa."

"Koma maluwa aphukira panthambi zomwezo."

"Ndiye chaka chino mununkhiza a eni ake. Chilonda ukachinyengerera chimadya mwendo."

Hipólito anayang'ana pazenera pomwe Elvira, mkazi wake, anali atakhala, atafunda shawelo yaubweya. Nzeru za Elvira zinali zitayamba kale kuchoka, mwakachetechete ngati utsi. Masiku ambiri ankamutcha "bambo inu," ngati mlendo wodzapempha madzi. Koma chaka chatha lila atachita maluwa, fungo litadzaza m'chipinda, Elvira anatembenuka n'kumuitana dzina lake. Anamwera limodzi tiyi wa kwawoko wotchedwa mate, akuseka zakale, mpaka maluwa anafota. Nyengo yonse yachisanu Hipólito ankangodikira fungo limenelo.

Kutayera, anapeza kuti kuda kuja kwatsikira kuthunthu. Anatenga sizasi. Nthambi yoyamba inagwa ndi timphukira take tofiirira, iye n'kutseka maso.

"Mnyamata iwe!"

Elvira anali ataima paudzu wopanda nsapato, mphepo ikuseweretsa imvi zake.

"Wabweranso kudzaba maluwa? Bambo anga akakupeza akuthyola miyendo."

Ankaseka atabisa pakamwa ngati kamtsikana.

"Ndikubera namwali wina wake," anatero Hipólito.

"Wakuti?"

"Wam'nyumba momwemo. Wamakani, koma wokongola."

Elvira anagwetsa nkhope, akukanda pansi ndi chala chakuphazi.

"Bodza lako. Akudawo ndiye umpatse munthu?"

"Akudawa ndikuchotsa. Abwino ndidzabweretsa chaka chamawa."

"Udzabweradi?"

"Ndidzabwera."

"Fulumira tsono. Ine ndikuonera kumsewu."

Elvira anapita kukaima pachipata, dzanja pachipumi, kulondera bambo ake amene anaikidwa m'manda kalekale. Hipólito anapukuta sizasi, nadula nthambi zonse zodwala, osasiyako ndi imodzi yomwe.