Ndowa Ziwiri Zabuluu

Ine Fatu ndinayamba kuphika mandasi pa Kawale chaka chimene amuna anga a Harun anamwalira, ndipo beseni langa silinkabwerera kunyumba ndi kanthu. Dzuwa lisanatenthe, makondakitala a minibasi ndi akalipentala a kuseri kwa msika ankakhala atasesa zonse. Mandasi amenewo ndiwo ankandisunga m'nyumba ya lendi, ndiwonso ankaphunzitsa mwana wanga Raisa. Ndiye mu 2004, nyengo yozizira, beseni linayamba kubwerera lodzaza.

Lolemba ndinati mwina anthu matumba auma. Lachiwiri ndinalawa ndekha, kuti kapena mafuta aipa. Ayi ndithu, anali bwinobwino. Lachitatu kondakitala wina amene ankadya tsiku lililonse ali chiimire anangondidutsa ngati sitinaonanepo.

"Achimwene, lero bwanji?"

"Ndakhuta, amayi," anatero, uku akudumphira mu minibasi.

Kondakitala kukhuta m'mamawa? Kuyambira liti?

Nkhani yake ndinakaimva pa mpopi. Azimayi anali kuseka, ine kungofika onse zii. Wina anakoka ndowa yake kuichotsa pafupi ndi yanga. Kenako mayi wina wosasunga mawu anandifunsa pamaso: "Kodi inu Achawa, madzi osambitsira maliro aja mumapita nawo kuti?"

Kusambitsa maliro ndimasambitsadi, sindibisa. Amayi anga ankagwira ntchito imeneyi kwathu ku Mangochi, ndipo mayi wachisilamu akamwalira kuno, a ku mzikiti amanditumira uthenga. Timamusambitsa mnzathuyo mwaulemu, kumuveka nsalu yoyera, madzi n'kupita m'dzenje pomwepo. Bodza lakuti timasunga madziwo n'kumaphikira kuti ogula asatithawe ndinayamba kulimva ndili mtsikana. Amayi anga analimva, agogo anganso analimva. Limagona zaka, kenako wina n'kulidzutsa.

"Musakane," anapitiriza mayi uja. "Ndowa yabuluu imene mumapita nayo kumaliro ndi yomweyo mumatungira madzi a mandasi."

Ndowa zabuluu ndili nazodi ziwiri, ndinagula tsiku limodzi. Ya kumaliro ndinaimanga kansalu kofiira pa chogwirira, imakhala pansi pa bedi, ndipo ikamatuluka imatuluka ili m'thumba la saka. Munthu wa pa msewu sangadziwe mtundu wake. Anauza anthu zimenezi ndi munthu amene anaiona.

Ndinathamangira kwa Monalisa, mayi amene anali atangoyamba kugulitsa mandasi pafupi ndi malo anga. Ake anali ouma ngati zikonyo, ndiye ndinati basi, nsanje.

"Iwe, wandiyika m'kamwa mwa anthu kuti ako ayende?"

Sanatekeseke n'komwe. "Amake Raisa, ine m'nyumba mwanu ndinalowamo liti? Ndikudziwa n'komwe kumene bedi lanu linaloza?"

Ndinabwerako ndikutukwana chamumtima, koma ankanena zoona. Kuyambira pamenepo aliyense ndinkamuyang'ana ndi diso lina. Mkazi wa alandilodi analowapo kudzaona denga lodontha. Mayi wogulitsa makala anakhalapo pa mkeka wanga. Ndinayamba kutseka chitseko ngakhale popita kubafa.

Munthu mmodzi yekha sindinamuganizire: amake Lewis, a Dorica, aneba anga a khoma limodzi, kwawo ku Ntcheu. Pa maliro a Harun iwo anagona nane pansi. Ndinkawatchula achemwali, ndipo m'mawa uliwonse ndinkawapatsira mandasi otentha pa kambale kuti amwere tiyi. Kambaleko kankabwera kotsukatsuka, ndi zikomo wambiri. Ankaweta nkhuku kuseri kwa nyumba, zonenepa mochititsa kaso, moti ndinkawaseka kuti achemwali, nkhuku zanuzi zimadya bwino kuposa ife. Iwo n'kuseka nawo.

"Anthu ndi oipa, achemwali," anandiuza sabata imeneyo atandigwira dzanja. "Musadandaule, ine ndili nanu."

Lachisanu anabwera a Josiah, alandilodi athu. Anaima pakhomo, sanalowe, mpando anaukana.

"Mayi, ine sindikuti n'zoona. Koma anthu akuloza puloti yanga chala. Nkhaniyi ikapanda kutha, mwezi ukatha mupeze kwina."

Kwina kuti? Ndi mbiri imeneyi ndani angandipatse nyumba mu Kawale, ngakhale ku Biwi?

"Bambo, mawa m'mawa itanani anthu. Ndiphika pamaso panu."

Loweruka anthu anadzadza pabwalo ngati pali gule. Ndinatulutsa ndowa zonse ziwiri, n'kuziika poyera. Iyi ya kansalu kofiira ndi ya kumaliro, iyi ndi ya kukhitchini, onani. Madzi anakatunga mkazi wa alandilodi yekha, m'chigubu chawo. Ndinakanda ufa onse akuona, ndinakoleza mbaula, mafuta anawira, fungo linafika mpaka ku msewu. Ena ndinawaona akumeza malovu. Koma nditanyamula beseni kuzungulira nalo, manja onse anapita kumbuyo.

"Lero mwaphika bwino poti tikuona," anatero bambo wina. "Nanga masiku onsewa?"

"Masiku onsewa alipo amene wakhala akudya," ndinayankha mokweza, mtima uli m'malo. Ndinatembenukira kwa a Dorica. "Achemwali, inu mwadya mandasi anga zaka zonsezi, simunadwalepo. Idyani, anthuwa aone."

Ndinatola limodzi lofiirira bwino n'kuwapatsa m'manja. Analilandira. Analiuzira.

"Likutentha," anatero, akumwetulira.

"Lizizira, tidikira."

Analinyema pakati. Analiyang'ana m'kati ngati muli kanthu. Anthu onse maso pa iwo, a Josiah nawo khosi atasolola.

"Ndikadyera m'nyumba ndi tiyi, achemwali. Mukudziwa ine popanda tiyi sizitsika."

Asanamalize, kuseri kwa nyumba kunamveka phokoso. Nkhuku zawo zija zinatulukira chothamanga, mapiko phaphapha, kudutsa miyendo ya anthu onsewo. Sizinapite pa beseni, sizinapite pa ufa umene unatayikira pansi. Zinapita pa mapazi a a Dorica, makosi m'mwamba, kuyang'ana dzanja lija. Tambala anadumpha n'kujompha chidutswa, dzanja lawo n'kutseguka lokha, monga dzanja lozolowera.

"Shii! Shii!" anaziingitsa, koma nkhuku sizinasunthe. Zinkadziwa nthawi yake, zinkadziwa mwini wake.

Ndinayesa kukumbukira tsiku limodzi lokha limene ndinawaona akutafuna mandasi anga, kapena kumwa madzi a m'nyumba mwanga. Ndinafufuza zaka zonse zija, sindinalipeze. Ndinakumbukira tsiku limene ndinadwala malungo, iwo akundisesera m'nyumba, tsache likulowa pansi pa bedi.

"Achemwali," ndinatero, "ndinu?"

Sanandiyang'ane. "Ine ndinangonena zimene ndinaona. Ndinu munthu wabwino, amake Raisa, sindikana. Koma za kwanuzo ife sitizidziwa."

Zinandipweteka kuposa mawu a pa mpopi aja, kuposa beseni lodzaza. Amene ankanditukwana ankanyansidwa nane poyera. Awa ankanyansidwa nane akundigwira dzanja.

A Josiah anakhosomola, n'kunena kuti tikambirana mwezi ukamatha. Anthu anayamba kubalalika, aliyense akunong'oneza mnzake. Ine ndinalowetsa ndowa zanga, ndinanyamula beseni langa likadali lofunda. Pakhomo panga ndinapeza kambale kaja, kotsukatsuka monga mwa masiku onse.

Kunja nkhuku zinali kulimbirana zotsala.