Botolo Limene Linkabwerera Lodzaza

Botolo la madzi ndi limene linanditsina khutu kuti kuntchito kwa amuna anga zinthu sizili bwino. M'mawa uliwonse ndinkalidzaza n'kuliika m'chikwama mwawo. Madzulo linkabwerera lodzaza, chitsekerero chili momwe ndinachimangira ine. Chakudya chamasana nachonso ankangochinyomolako pang'ono.

Amuna anga amasita zovala pamalo ochapira nsalu za m'mahotela: nsalu za pabedi, matawulo ndi mayunifomu. Anzawo anawapatsa dzina loti a Simbi, ndipo ine ndikafuna kuwakoka khutu ndimawaitana choncho. M'chipinda chositiramo mumatentha ngati mu uvuni. Nthunzi imangoti tolo, thukuta kamukamu kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Ndiye munthu wogwira ntchito yotero asamwe madzi?

Panalinso china. Akafika panyumba sankandipatsa moni. Ankangondilambalala pakhomo, liwiro la kuchimbudzi, chikwama chikadali paphewa.

"A Simbi, kodi madzi a nyumba ino ayamba kuwawa?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Sindikumva ludzu, mayi."

"Milomo yochita kung'ambika choncho, osamva ludzu? Mukanamize wina."

Anangonyamuka n'kukalowa kuchipinda. Amuna anga ndi munthu wofatsa, koma akatseka pakamwa ngakhale mutabwera ndi chitsulo simungatsegule.

Loweruka lina m'mawa ndinawapeza atagwira msana cham'munsimu, akubuula. Apo ndi pamene anaulula kuti pokodza pakuwawotcha, ndipo mkodzo ukutuluka wofiirira ngati tiyi. Sindinawafunsenso maganizo awo. Ndinawaponyera malaya, ulendo wa kuchipatala.

Namwino amene anatilandira anali mayi wachikulire wovala magalasi. Atayeza mkodzo uja anatikhazika pansi.

"Bambo, muli ndi matenda a m'chikhodzodzo, ndipo ayamba kukwera ku impso. Mankhwala ndikupatsani. Koma ndiuzeni, mumamwa madzi ochuluka bwanji patsiku?"

"Samwa!" ndinalumphira ine. "Botolo limapita lodzaza, limabwera lodzaza."

"Nanga kuchimbudzi kuntchito mumapita?"

Amuna anga anayamba kufotokoza, mawu ali apansipansi.

"Kumene ndinakulira ine, munthu akadzithandiza amadzitsuka ndi madzi. Pepala lokha ndimaona ngati sindinamalize, tsiku lonse ndimadzimva wauve. Ndiye kuntchitoko ndinkasunga kachigubu kodula kuseri kwa chitseko cha chimbudzi. Kachigubuko kanalibe mlomo, madzi ankatayikira pansi. Tsiku lina mayi wina woyendetsa makina ochapira, timawatchula a Wayilesi chifukwa cholongolola, anaterereka n'kuvulala m'chiuno. Kapitawo anataya kachigubu kaja, n'kulengeza kuti wopezeka akulowa ndi madzi m'chimbudzi ntchito yamuthera. Chiyambire pamenepo aliyense wopita kuchimbudzi maso onse amakhala pa iye. Ndiye ndinati bola ndisamapiteko n'komwe. Ndikapanda kumwa, sindipita."

Namwino anavula magalasi. "Bambo, impso si nsalu yoti ikang'ambika mukagula ina. Mukapitiriza kusamwa madzi m'kutentha kuja ndi kusunga mkodzo tsiku lonse, mubweranso kuno, ndipo ulendo winawo tidzakugonekani. Kapitawoyo munamufotokozera?"

"Bambo wamkulu ngati ine, kukamba za kuchimbudzi pamaso pa azimayi? Ayi. Bola ndisiye ntchito."

Mtima wanga unachita kuwira. "Musiye ntchito chifukwa cha kachigubu? Ana adya manyazi anuwo? Manyazi anapha lambe, a Simbi! Ntchito simusiya, ndipo impso zanu sitizitaya. Zonse ziwiri tizisunga."

Namwino anamwetulira n'kunena kuti m'dera lathu muli mlangizi wa zaumoyo amene amayendera malo a ntchito, ndipo nkhani zotere si zachilendo kwa iye. Anatilozera khomo la ofesi yake, kuseri kwa chipatala komweko.

Mlangiziyo anali bambo wamfupi, wanthabwala. "Musachite manyazi, akuluakulu," anatero. "Ine ntchito yanga ndi zimbudzi basi. Akazi anga amati tsiku lopita kumanda ndidzayamba ndafunsa ngati kumeneko kuli sopo." Amuna anga anaseka osafuna, koyamba pa masabata angapo.

Atamva zonse anati adzayendera malowo Lolemba. "Dzina lanu sindikatchula, ndipo za matenda anu ndi chinsinsi chanu. Koma ndikuuzeni zoona: ine ndingalangize, koma lamulo limasintha msanga anthu akamva amene likumupweteka. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Lolemba m'mawa amuna anga anandipeza ndavala kale nsapato.

"Mukupita kuti, mayi?"

"Kuntchito kwanu. Inu mukakhala chete, ndikayankhula ndine. Ndipo mukudziwa kuti pakamwa pangapa palibe mabuleki."

Anapukusa mutu, koma sanandiletse.

Mlangizi anafika pa njinga yamoto. Atapatsana moni ndi kapitawo, anapempha kuti ayambe waona chimbudzi. Ine ndinamutsatira ngati ndalembedwa ntchito limodzi naye. Chimbudzi chinali chimodzi chokha cha anthu onse, kumapeto kwa kanjira kuseri kwa makina oumitsira. Chinali chokhalira. Mpando wake unali wong'aluka mbali imodzi, pamwamba pake pali zidindo za nsapato. Pakona panali ndowa yosavindikira yodzaza mapepala ogwiritsidwa ntchito kale. Pasinki panalibe ngakhale kachidutswa ka sopo. Tangoganizani, malo ochapira zovala, sopo matumba matumba, koma kuchimbudzi osapezeka!

Mayi wokolopa anatipeza pomwepo. "Mwaona? Ine ndatopa nawo anthu awa. Wina amakwera pampando, wina amataya mapepala m'ndowa yanga yokolopera. Ndikafunsa, aliyense ndi mngelo."

Nthawi ya tiyi itakwana, kapitawo anaimitsa makina n'kuitana anthu onse. Anakhala pamabenchi pakati pa milu ya matawulo. Ine ndinaima pakhomo. Amuna anga anakhala kumbuyo kwenikweni, manja ali pakati pa mawondo.

"Sindinabwere kudzagwira munthu," anayamba motero mlangizi. "Ndabwera kudzamva chimene chikukuvutani ndi chimbudzi chija."

Asanamalize n'komwe, mayi wina wojintcha anadzuka atagwira m'chiuno. Sindinafunse, ndinadziwa kuti a Wayilesi ndi amenewa.

"Vuto ndi lodziwika! Pano pali munthu wamkulu, wandevu zake mwina, amene amakodzera pansi. Ine ndinagwera mumkodzo wa munthu! Diresi ndinakataya. Chiuno mpaka lero sindigona chammbali. Munthu ameneyo mayi ake sanamulere!"

Ndinaona amuna anga akudzutsa mutu. Ndinaonanso kuti adabwa kwambiri. Nthawi yonseyi ankaganiza kuti anzawo akunyansidwa ndi chizolowezi chawo, osadziwa kuti anzawowo sankachidziwa n'komwe. Anayang'ana kwa ine. Ine ndinatsegula pakamwa. Iwo anakweza dzanja kundiletsa, n'kuimirira.

"Mayi, sunali mkodzo. Anali madzi a pampopi. Amene ndinkataya ndine."

Anthu onse anatembenukira kwa amuna anga, iwo n'kupitiriza.

"Ine ndinaleredwa kudzitsuka ndi madzi ndikadzithandiza. Kachigubu kaja kanali kanga. Ndinalakwa kusiya pansi ponyowa, ndipo ndinalakwa kukhala chete inu mutagwa. Pepani kwambiri, mayi." Kenako anayang'ana anzawo onse. "Chiletsereni madzi, ine kuchimbudzi kuno sindinapitenso. Ndinasiya kumwa madzi pantchito. Loweruka ndinali kuchipatala, akuti impso zayamba kuvuta."

Ndinamva misozi ikubwera. Ndinanyadira bambo ameneyu kuposa tsiku la ukwati wathu.

A Wayilesi anakhala pansi pang'onopang'ono. "Madzi? Odzitsukira? Ine ndimayesa kachigubu kaja n'kothirira m'chimbudzi madzi akasiya. Abale inu, bwanji osanena?"

"Nanenso ndinkaona ngati inu a mapepala ndinu auve," anatero amuna anga. "Ndinkaopa kuti ndikayamba kuyankhula tikangana."

"Ife auve? Ha!" A Wayilesi anafuna kukwiya, koma anapezeka akuseka, ndipo ena onse anaseka nawo.

Chitseko chitatseguka chotere, ena anatulukira pomwepo. Dalaivala wa galimoto yonyamula nsalu anati nayenso ndi wa madzi, ndipo wakhala akukadzithandiza pamalo omwetsera mafuta, n'chifukwa chake amachedwa kubwerera. Mtsikana wopinda matawulo anati kumene anakulira mapaipi ndi aang'ono, pepala likalowa m'chimbudzi chimatsekeka, ndiye anaphunzitsidwa kuliponya m'ndowa. Iye ankaona ngati akuthandiza. Bambo wachikulire wonyamula mitolo anakanda m'mutu n'kuvomera kuti zidindo za nsapato ndi zake.

"Ine moyo wanga wonse ndimanjuta. Kukhala pamene pakhala mnzanga, thupi limakana."

Kapitawo anali atapinda manja nthawi yonseyi. "Ine ndinaletsa madzi kuti wina asagwenso. Ndinalakwa pamenepo?"

"Cholinga chanu chinali chabwino, bwana," anayankha mlangizi. "Pansi pouma n'pofunika. Koma lamulo linaletsa madzi m'malo moletsa kusiya pansi ponyowa. Taonani, mwapulumutsa chiuno, mwatsala pang'ono kupha impso." Kenako anatembenukira kwa onse. "Madzi amayeretsa. Pepala limayeretsanso. Palibe wauve pakati pa awiriwa. Wauve ndi amene watuluka osasamba m'manja ndi sopo, kaya ndi wa madzi kaya ndi wa pepala, n'kubwera kudzagwira matawulo amene anthu akapukutira kumaso."

Anakambirana mpaka tiyi anazizira. Anagwirizana kuti m'chimbudzi mukhale jagi yokhala ndi mlomo, yopachika pamsomali, ndipo wodzitsuka azichita zimenezo ali pamtondo wa chimbudzi pomwepo kuti madzi azigwera mkati. Chokolopera chizikhala kuseri kwa chitseko, wonyowetsa pansi aziumitsa yekha asanatuluke, osadikira mayi wokolopa. Mlangizi anatsimikizira mtsikana uja kuti mapaipi a nyumbayo ndi aakulu, pepala la kuchimbudzi lizilowa m'chimbudzi momwemo, ndipo pakona paikidwe bini yovindikira ya zinthu zina zosayenera kulowa m'paipi.

Nkhani ya bambo wonjuta ndiyo inavuta. Mlangizi anawauza mosabisa kuti kukwera pamtondo n'koopsa, ukhoza kusweka n'kuwatema koopsa. Anati pakhale kabenchi kakafupi kopondapo mapazi kuti mawondo azikwera ngati munthu wanjuta, komanso nsalu ndi mankhwala opukutira mpando. Bamboyo anang'ung'udza kuti ayesa. Kapitawo analonjeza kukapempha mwini malo kuti kachipinda kosungiramo matsache kasanduke chimbudzi chonjuta. Pempholo linatenga miyezi, koma linatheka.

"Nanga sopo?" ndinafunsa ine ndili pakhomo paja.

Kapitawo anandiyang'ana. "Mayi awa ndi a kuti?"

"Ndi akunyumba kwanga," anayankha amuna anga, mutu uli m'mwamba.

"Ooh. Ndiye ndamvetsa chimene mwayankhulira lero." Anthu anaseka, ndipo sopo anaikidwa tsiku lomwelo.

Jagi anabwera nayo ndi a Wayilesi, yobiriwira, yochokera kukhitchini kwawo. Anaipachika okha pamsomali n'kulengeza kuti amene aiwale kukolopa amva wayilesi ikulira mpaka kumsewu. Akuti masiku ano makina akangoima amakuwa kuchokera kutsidya la chipinda, "A Simbi, mwamwa madzi?" Wantchito watsopano akabwera, kapitawo amayamba wamuonetsa chimbudzi, n'kumufunsa poyera ngati pali chimene akusowa.

Amuna anga anamaliza mankhwala. Titabwerera kuchipatala, namwino anayezanso n'kunena kuti matenda atha ndipo impso zapulumuka.

Inu amene mumagwira ntchito ndi anthu okulira kosiyanasiyana, imvani kwa ine. Chizolowezi cha mnzanu cha kuchimbudzi chikasiyana ndi chanu, musathamangire kumutchula wauve, yambani mwafunsa. Mabwana, musaike lamulo musanamve amene likawakhudze. Ndipo inu amene chimbudzi cha kuntchito chikukuvutani, yankhulani. Musadzimane madzi, musasunge mkodzo chifukwa cha manyazi. Kaya ndinu a madzi kaya a pepala, siyani pansi pouma, mpando woyera, ndipo sambani m'manja ndi sopo.

Tsiku limene amuna anga anayambiranso ntchito bwinobwino, madzulo ndinamva mapazi awo panja. Mwachizolowezi ndinapatuka pakhomo kuti adutse ndi liwiro lawo lija. Sanadutse. Anaima, n'kutsitsa chikwama paphewa.

"Mwaswera bwanji, mayi?"

Moni umenewu ndinali nditauiwala kale. Anapisa dzanja m'chikwama n'kundipatsa botolo lija. Munalibe ngakhale dontho.

"Mawa mundiikire awiri," anatero.