Fungo la Waya Wopsa

Nditachira matenda a korona, dokotala wa oyendetsa ndege anandifunsa ngati ndayambanso kumva fungo. Ndinanama kuti inde. Kukhala pakhomo kunali kutandikwana.

Sabata yachitatu nditabwerera kuntchito, tili m'mwamba, mnzanga amene ndinkayendetsa naye ndege anakwinya nkhope. "Bwana, muno mukununkha waya wopsa. Mukulimva fungoli?"

Ndinanunkhiza, koma mphuno zili zii. "Ndalimva kale," ndinatero, n'kubweza ndege.

Titatera, amakaniko anapezadi waya wonyeka kuseri kwa mpando wanga weniweniwo. Mnzangayo anauza aliyense kuti sanaonepo kaputeni wolimba mtima chonchi: fungo lonselija, ine osatekeseka n'komwe!

Onse anandiombera m'manja, ine nkhope ili pansi. M'mawa mwake ndinakagogoda kwa dokotala uja, yunifolomu nditaisiya kunyumba.