Ng'ombe za ku Kitwe

Boma litasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, linanyamula matebulo, mafayilo ndi ine, Lemson Chavula. Ndinali kalaliki wa zandalama, mwana wa ku Rumphi, ndipo ndinkadziona ngati munthu amene kwacha singasunthe isanamufunse. Tayi sindinkavula ngakhale Loweruka. Ku Capital Hill kunali fumbi ndi zitsa zokhazokha, ukafuna kuona anthu unkakwera basi ya ku Old Town.

Kumeneko, mu Msika wa Lilongwe, ndinakumana ndi Marcelina, mtsikana wa ku Nathenje wogulitsa nsalu. Ndinapitira makatani a nyumba yanga ya boma. Ndinagula makatani mpaka mawindo anatha, ndinayamba kugula nsalu za patebulo, tebulo lili limodzi lomwelo. Atandifunsa ngati ndikutsegula hotela, ndinaulula za kumtima, ndipo anandilola. Ndinkamukonda kwambiri, pamenepo ndiye sindinama. Anangondipempha chinthu chimodzi, kuti ndikaonekere kwa malume ake, a Bauleni.

Kwathu mwamuna sapita kuchipongozi chimanjamanja. Pamafunika malowolo, ng'ombe kapena ndalama zolowa m'malo mwa ng'ombe, ndipo ine ndinakula ndikudziwa kuti nkhani imeneyi mkazi salowererapo. Bambo anga aang'ono, a Nebert, amene ankagwira ntchito m'migodi ku Kitwe, atamva anandibweretsera envulopu ya ndalama za ku Zambia zokwana ng'ombe zisanu. Masiku amenewo kwacha ya ku Zambia inali mkulu wake wa yathu. Yawo inayamba kubadwa, itatsamira pa mkuwa, pamene yathu inali idakali khanda, moti amayi ena mumsika ankatchulabe mitengo m'masheleni.

Munthu wamba akanapita kubanki tsiku lomwelo. Koma ine ndinali wophunzira. Ndinaona kuti mkuwa watsika mtengo, ndipo ndinati chotsika chimakweranso. Nditadikira pang'ono ndikanapeza ng'ombe ina yaulere, apongozi adziwe kuti mwana wawo watengedwa ndi munthu. Envulopu ija ndinaiika m'sutikesi.

Loweruka lililonse ndinkatsika basi ku Old Town, n'kukaima kutsogolo kwa bolodi la mitengo ya ndalama m'banki, manja kumbuyo ngati dokotala woyendera odwala. Ndikachoka apo ndinkapita kukakhala pa benchi ya Marcelina. Akandifunsa za kwa malume ake, ndinkayankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mvula inabwera, inapita. Tsiku lina anandifunsa akuyang'ana pansi ngati vuto linali loti iye sanapite patali ndi sukulu. Ndinaseka, n'kumuuza kuti zinthu zina ndi za akuluakulu. Kenako anasiya kufunsa, ndipo ine ndinanyadira kuti ndapeza mkazi womvetsa zinthu. Masabata ena kumsikako sindinkafika n'komwe, chifukwa bolodi lija linkandipweteketsa mutu.

Ndiye wayilesi inalengeza kuti a ku Zambia achepetsa mphamvu ya ndalama yawo. Ng'ombe imodzi inafera m'sutikesi osalira n'komwe. M'mawa mwake ndinathamangira kubanki kukasintha zotsalazo, n'kupempha mnzanga wa mu ofesi, Harry, wa ku Ekwendeni, kuti akandiyankhulire. Nayenso sanaone chifukwa chofunsira munthu wa kuno za mwambo wa kuno. Tinavala masuti, ulendo wa ku Nathenje.

A Bauleni tinawapeza akumata chubu cha njinga. Anatipatsa mipando, iwo n'kukhala pa chitsa. Harry anagwada, anafotokoza za ng'ombe mwaulemu wonse, n'kupepesa kuti zachepa chifukwa cha mkuwa. Mkuluyo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa kuti mkuwawo ndi wa ndani. Harry atayamba kulongosola za migodi, anamuimitsa ndi dzanja.

"Bambo, kuno mwana sitilandirira ng'ombe. Mukanangobwera tikuoneni nkhope, mwina ndi nkhuku imodzi, nkhani ikanatha chaka chatha."

Mtima wanga unakhala pansi, ndinayamba kale kuganiza zogula sofa. Koma a Bauleni anali asanamalize. Anati Marcelina anawauza kuti bwana wa m'boma uja amachita naye manyazi, ndiye asamudikirenso. Mwezi wathawo kunabwera Everson, kalipentala wokhoma madenga a nyumba zatsopano ku Area 47, iye ndi malume ake, wapansi kuchokera pamsewu. Ankhoswe anali atagwirizana, ndipo kutchalitchi anali atayamba kale kulengeza. Amati safunsa anadya phula. Ine ndinalidya nditavala suti, mnzanga ali chigwadire.

Loweruka lotsatira ndinapita kumsika. Marcelina ankapinda nsalu, ndipo anali atamva zonse. Sanakalipe. Anati ndikanangotchula kuti ndikudikira ndalama, akanandiuza tsiku lomwelo kuti kwawo sizifunika, koma ndinamusiya chaka chonse akudzifunsa chimene chinalakwika pa iye. Mwamanyazi ndi chisoni ndinangoima ndi chipewa m'manja pakati pa anthu ogula. Atapinda nsalu ina anandiyang'ana.

"Ndiye a Chavula, ineyo ndinali ng'ombe zingati?"

Munthu wanzeru akanakhala chete. Koma ine funso la masamu sindinalisiyepo losayankha.

"Poyamba zisanu. Panopa zinayi."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kuika nsaluyo pamulu.

"Ndiye ndachita bwino kufulumira," anatero, n'kutembenukira kwa mayi amene ankafunsa mtengo wa chitenje.