Zimene a Kalaliki Ankafufuta Masana

A Kalaliki anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi ziwiri mu ofesi yosunga mafayilo, ndipo dzinalo linawakanirira ngakhale atapuma. Mutu utayamba kusokonekera anaiwala zambiri: dzina la msewu wawo, kabati yokhala makapu, chaka chimene akazi awo anamwalira. Koma zala sizinaiwale kutayipa.

Anali ndi ana awiri. Wamkulu ankayendetsa magalimoto akuluakulu a katundu, masabata n'kumatha ali pamsewu. Iyeyu ndiye anawagulira kompyuta, n'kulembetsa banja lonse ku kampani ina ya pa intaneti, yolipira mwezi ndi mwezi, imene inkasunga zithunzi ndi zolemba zawo pamalo amodzi. Wamng'ono ndiye ankakhala ndi bambowo. Aliyense ankangomutchula Mzime, ngakhale imvi zinali zitayamba kumutuluka. Ankalongedza mabisiketi kufakitale kuyambira sikisi koloko m'mawa mpaka thu koloko masana, ndipo kumeneko foni sinkaloledwa kudutsa chitseko chachiwiri. Inkatsala m'kabati yachitsulo limodzi ndi ndolo ndi nsapato zakunyumba.

Lachiwiri lina ataweruka anapeza mauthenga awiri ochokera ku kampani ija, poti inkadziwitsa banja lonse munthu akaikamo kanthu kapena akachotsa. Woyamba unali wa eyiti koloko: bambo alemba fayilo yatsopano, mutu wake "Mmene ndinakumanirana ndi amayi anu". Wachiwiri unali wa wani koloko: fayiloyo yafufutidwa.

Mzime anakhala pabenchi, nsapato imodzi ili m'manja. Bambo ake sankakamba za amayi. Ngakhale nzeru zikadali zonse ankangoti, "Zakale n'zakale." Anatsegula bini ya zofufutidwa kudzera pafoni. Munali mbee.

Kunyumba anawapeza atakhala patebulo, tayi ili m'khosi, kompyuta atatseka bwinobwino.

"Ababa, mwalemba chiyani lero?"

"Ine? Nthawi yake iti? Ntchito yachuluka, mayi." Masana sankamuzindikira, ankamutenga ngati mlendo wodzafuna chithandizo mu ofesi.

"Panali fayilo yonena za amayi."

"Oho, ija! Ndinaipeza nditadzuka. Alipo amene akumalowa muno n'kumasiya nkhani za m'nyumba mwake. Zinsinsi za eni ake sizisungidwa mu ofesi, mayi. Ndataya, ndi bini yomwe ndakhuthula. Kalaliki weniweni saweruka bini ili yodzaza."

Ndi mmene zinayambira. M'mawa mutu unkawayera kwa maola awiri kapena atatu, ndipo nyumba ikakhala zii ankalemba. Akadya n'kugonako pang'ono, ankadzuka munthu wina, wosadziwa zimene walemba yekha. Sizinali za tsiku lililonse. Sabata ina kawiri, ina kamodzi, ina osalemba n'komwe. Mzime ankangokolola mitu ya nkhani ataimirira pakabati yachitsulo ija. "Nyumba yathu yoyamba." "Chifukwa chake sindinapite kumaliro a mng'ono wanga." Tsiku lina unali waufupi: "Kwa Mzime."

Aneba awo, mayi wosoka makatani amene ankawapititsira a Kalaliki tiyi teni koloko, anamuuza kuti, "Ndimawamva pawindo, tha-tha-tha ngati mvula pamalata. Koma ndikangolowa amaphimba ndi dzanja, ati mu ofesi simulowa anthu wamba."

Mzime anawapempha anebawo kuti bambo akagona azinyamula kompyutayo n'kukaisunga kwawo. Anachita kamodzi kokha. A Kalaliki atadzuka n'kupeza tebulo lili lokhalokha, anatuluka opanda nsapato kukasaka wakuba, ndipo anakawapeza patadutsa maola awiri pafupi ndi njanji, akulira kuti abwana awachotsa ntchito. Tsiku lake lopuma Mzime anayesa njira ina: anavala za kuntchito, kutsanzika, n'kukabisala kwa aneba foni ili m'manja. Tsikulo bambo anatha m'mawa wonse akupinda manyuzipepala.

Mzime anapita nayo kompyutayo kwa wokonza, bambo wina wa kashopu ka pansi pa masitepe amene anthu ankamuti a Injiniya. Iwo anaigwiragwira, akuyamwa mano.

"Chemwali, zolembazi sizikhala m'makina muno. Zimakhala kwa eni kampani. Ndipo lamulo lawo ndi lakuti amene walemba fayilo ndiye mwini wake, akataya wataya. Nditha kuwatsekera kuti asafufute, koma ndiye kuti ndi kulemba komwe sangalembe."

"Palibe njira ina?"

A Injiniya anaikamo pulogalamu ina yolembera, yosunga zonse m'kompyuta momwemo. Koma mabatani ake anali pena, mtundu wake wina. A Kalaliki anaiyang'ana, nati iyi si desiki yawo, ndipo masiku khumi ndi awiri sanaikhudze. Mzime anabwerera kwa a Injiniya kuti abwezeretse mmene zinalili.

"Nsomba yake ndi yoterera imeneyi," anatero a Injiniya. "Alankhuleni eni ake."

Mzime anaimba foni kukampaniko atakhala pakhonde. Anadikira mphindi makumi awiri akumva kanyimbo kamodzimodzi, kenaka anayankha mtsikana wa mawu ofatsa. Mzime anafotokoza zonse, mpaka za njanji.

"Pepani kwambiri, mayi," anatero mtsikanayo, ndipo zinkamveka kuti akupepesadi. "Bini ikakhuthulidwa ifenso sitingathe kubweza. Amati n'kuteteza zinsinsi za makasitomala."

"Zinsinsi zake ndi za bambo anga. Akubisira ndani? Iwo eni?"

"Ndikumva, mayi. Koma ine pano ndilibe batani lake. Chimene ndingakuuzeni n'chakuti tili ndi tsamba limene olembetsa amalembapo zatsopano zimene akufuna tiwonjezere. Pempho likapeza mavoti mazana asanu m'miyezi itatu, limafika kwa akuluakulu."

Tsambalo analitsegula Lamlungu masana, bambo akuwodzera pampando. Mapempho analipo masauzande. Pamwamba penipeni panali wina wofuna kuti sikirini izitha kuda kuti maso asamawawe, mavoti zikwi zinayi. Wina ankafuna malo ochuluka osungira mavidiyo. Wina timazithunzi toseketsa toika pamauthenga. Wina kuti zithunzi za mphaka wake zizidzisanja zokha, ndipo anthu mazana asanu ndi awiri anagwirizana naye. Mzime anaseka pang'ono, kenaka anayamba kulemba pempho lake.

Analemba, kufufuta, kulembanso. Pomaliza anasiya chonchi: "Ndikupempha kuti munthu wodwala matenda oiwala akafufuta chinthu, chizikadikira kwa wachibale mmodzi ngakhale tsiku limodzi lokha. Pa sikirini yake pasasinthe kalikonse, chifukwa pakasintha amaopa. Iye aziona ngati wataya. Bambo anga amalemba m'mawa n'kufufuta masana, ine ndili kuntchito. Sindikufuna malo ambiri, ndi mapepala ochepa chabe."

Voti yoyamba inali yake. Achimwene ake anavota atafika pamalo opezeka netiweki, kenaka anaimba.

"Iwe Mzime, bwanji osangosiya ntchitoyo kwa mwezi umodzi?"

"Ndikakhala pakhomo salemba, achimwene. Ndinakuuzani kale."

"Nanga osawafunsa m'mawa kuti akuuze pakamwa?"

"Ndinayesa. Ati zakale n'zakale, ndipite ndingachedwe kuntchito. Amauza makinawo, osati ine."

Kunamveka galimoto ikudutsa kumbali kwawoko. "Za maliro a bambo aang'ono zija," anatero achimwenewo, "ine ndinakula ndikuyesa kuti ababa anali pa ulendo."

"Inenso."

"Ndiye titani?"

Mzime anawatsanzika n'kudula foni.

Anauza anzake a pa lamba wa makina wonyamula mabisiketi kuti amuvotere, ndipo onse anavomera ndi mtima umodzi, koma tsambalo linkalola olembetsa okhaokha. A Injiniya anavota. Kenaka mavoti anayamba kubwera amodziamodzi kuchokera kwa anthu osawadziwa. Wina analemba pansi pake kuti, "Amuna anga anafufuta zithunzi zonse za ukwati wathu, ati sakuwadziwa anthuwo." Wina anangoti, "Ifenso." Mwezi woyamba utatha analipo khumi ndi anayi. Wachiwiri utatha, khumi ndi asanu ndi awiri. Mzime ankatsegula tsambalo m'basi popita ndi pobwera, ngati munthu woyang'ana mphika umene pansi pake palibe moto.

Nthawi yonseyi mitu inkabwerabe, koma inayamba kufupika. Ina inali ndi zilembo zosowa. Umodzi unangoti "Ndinkafuna kunena kut".

Lachinayi lina la mwezi wachitatu, lamba wa makina anaduka cha m'ma thwelofu. Kapitawo anauza onse kuti atuluke kwa mphindi khumi amisiri akonze. Mzime anathamangira kukabati, n'kutulutsa foni. Pafoni panali uthenga umodzi wokha: bambo alemba fayilo yatsopano, "Tsiku limene amayi anu ananyamula sutikesi". Wachiwiri unali usanabwere.

Anadina. Kachizindikiro kanazungulira, kanazungulira, poti m'chipinda chosinthiramo netiweki inali yofooka. Anatuluka panja, anaima pafupi ndi mpanda, foni ataikweza m'mwamba. Mawu anatuluka. Pansi panalembedwa kuti masamba ndi asanu ndi limodzi. Anajambula tsamba loyamba asanawerenge n'komwe. Atatsitsa kuti ajambule lachiwiri, sikirini inayera, n'kubwera mawu akuti fayiloyi kulibenso. Tsikulo a Kalaliki anadzuka msanga.

Kapitawo anamupeza atatsamira mpanda. "Mzime, makina ayamba. Wadwala?"

"Ayi."

"Ndiye tiye."

Anabwerera pa lamba. Mabisiketi ankabwera khumi ndi awiri, iye n'kumaika m'katoni, ena khumi ndi awiri n'kubwera.

Miyezi itatu itakwana kunabwera imelo. Inathokoza chifukwa cha ganizo lake labwino, n'kunena kuti pempholo latsekedwa poti linapeza mavoti makumi awiri ndi imodzi. M'munsi mwake munali nkhani yosangalatsa: kuyambira sabata yamawa olembetsa onse alandira maonekedwe atsopano, mabatani atsopano ndi mitundu isanu ndi umodzi yoti asankhe. Mzime anaimbira a Injiniya kufunsa ngati angathe kukana zatsopanozo. Iwo anati sizikanika, zimangobwera zokha.

Lolemba m'mawa a Kalaliki anatsegula kompyuta Mzime asanatuluke. Anayang'ana nthawi yaitali, zala zili m'mwamba. Kenaka anatseka pang'onopang'ono, nati, "Andisamutsa ofesi osandiuza."

Sanalembenso.

Loweruka lotsatira masana, Mzime anakhala nawo pakhonde, anatulutsa foni.

"Bwana kalaliki, ndapeza pepala ili. Ndikuwerengereni?"

"Werengani, mayi. Koma mwachangu, tikutseka."

Anawerenga. Linali la mwamuna amene anabwera kuchokera kuntchito n'kupeza mkazi wake atavala diresi lobiriwira, khanda la miyezi itatu kumsana, sutikesi ili pakhomo. Mkaziyo sanakalipe. Anangoti watopa kukhala ndi munthu amene amalankhula ndi mapepala okha. Mwamunayo anaima ngati chitsa mpaka mkaziyo anakhota pangodya. Mvula itayamba kuwaza anatenga ambulera n'kumutsatira, akudziuza kuti akungokapereka ambulera basi. Anamupeza pa siteji, basi itaima kale, kondakitala atanyamula sutikesi ija. "Ndinamugwira dzanja koyamba pamaso pa anthu," linatero pepalalo, "ndipo ndinamuuza kuti"

Mzime anasiya pomwepo, poti tsambalo linathera pomwepo.

A Kalaliki anali atatsamira kutsogolo, maso ali gwa pa foniyo. "Amene analemba izi amadziwa kulemba," anatero. "Pitirizani."

"Lathera pamenepa."

"Iyayi, mayi, fayilo sithera pakati pa chiganizo. Masamba enawo ali kuti?"

"Anasowa."

A Kalaliki anapukusa mutu, akudandaula ndi anthu osasamala ntchito. Anasisita tayi. Kenaka anatembenuka n'kufunsa motsitsa mawu, ngati akuopa kuti eni nkhaniyo angamve.

"Nanga inuyo mukuganiza kuti anamuuza chiyani?"

"Sindikudziwa, ababa."

"Munthu womvetsa chisoni," anatero a Kalaliki. Anayang'ana kumsewu, kumene ana asukulu ankakankhana pothawa njinga, ndipo posakhalitsa anafunsa ngati tiyi wafika.